Tsiku Limene Che Ajasi Analanda Mpeni

Senderani kuno ku tebulo, ana inu, mukhale pafupi kuti ndisamakuwe. Amina, tenga kampeni kakang'onoko. Madalitso, ika foniyo pansi, ilibe miyendo, siithawa. Mbatatesi izi sizidzisenda zokha. Musende mopyapyala, osati ngati mukusema mpini wa khasu. Manja akamagwira ntchito makutu amakhala alibe chochita, ndiye ndikuuzeni za nyama iyi imene tikuwotcha lero, chifukwa pakadapanda nyama ngati iyi, inu awirinu bwenzi kulibe. Mukuseka? Sekani, koma muzisenda.

Mwaona mmene ndachitira, ndangopotoza kabatani, uvuni wayamba kutentha wokha. Inu mumayesa dziko linayamba choncho. Kwathu ku Ntcheu, cha ku Tsangano, nyama ya ng'ombe tinkaiona pa Khirisimasi kapena pa maliro a munthu wamkulu, ndipo kaphikidwe kake kanali kamodzi: duladula, ponya mumphika, thira madzi, iwire mpaka ikhululuke. Mbatatesi ndiye tinali nazo zosowa pozisunga. Tinkazikumba ndi manja oundana ndi chisanu, n'kuzisenza pamutu mpaka kumsewu. Za m'sitolo izi, zosambitsidwa ngati mwana wa abusa, sizingafanane ndi za ku Tsangano. Zakwathu ukaziphika zimasweka mbee, ngati ufa.

Agogo anu aamuna, a Kachingwe, anabwera kuno ku Joni pa kontalakiti ya ku mgodi, kenako n'kutchona. Makalata anayamba kuchepa, mapeto ake zii. Ine ndinati ayi, mwamuna si mbuzi yoti ikasowa ungogula ina. Ndinamugwira pamkono Esnati, amayi anuwa, ali kamtsikana ka miyendo ngati bango, n'kukwera basi. Masiku atatu pamsewu, Mwanza, Tete, Zimbabwe yense, kamba wathu chimanga chokazinga ndi mbatatesi zophika zomanga pa mpango. Ndinabwera kudzawatenga kuti tibwerere kumudzi. Kuwapeza ndinawapeza, koma kubwerera ayi. Ndioneni lero, mtchona wamkulu kuposa iwo.

Ntchito ndinaipeza kwa adona ena ku Rustenburg, amuna awo anali kapitawo ku mgodi. Lamlungu loyamba anandipatsa chinyama chathunthu, chachikulu ngati dzungu, iwo n'kupita kutchalitchi. Ine ndinachita zimene mayi anga anandiphunzitsa. Atabwerako anapeza nthuli zikuvina m'madzi, tomato ndi anyezi zili momwemo. Adona anagwira kumutu n'kukhala pa mpando. Ndinati basi, ntchito yatha. Koma anali munthu woseka msanga, ndipo Lamlungu lotsatira anaima nane kukhitchini.

Anandionetsa zonse. Nyama suidula, umaisiya yathunthu. Umaipaka mchere ndi tsabola wakuda, n'kuibaya timabowo tolowetsamo adyo. Umayamba waiwaula m'mafuta otentha mbali zonse kuti itseke pakamwa, msuzi usathawe. Kenako mu uvuni. Mbatatesi umayamba waziwiritsa pang'ono, n'kukhetsa madzi, n'kuzigwedeza mumphika momwemo kuti zikhakhale kunja, ndiye uziike m'mafuta a nyamayo. Ikapsa suithamangira. Umaivundikira ipume kaye, ngati munthu wochokera kumunda. Zonsezi ndinaziphunzira mpaka ndinkaziphika bwino kuposa adonawo, ndipo iwo omwe ankavomereza. Chimodzi chokha sindinachigwirepo: kudula. Nyama inkapita ku tebulo yathunthu, bwana n'kuimirira ndi mpeni, ine n'kubwerera kukhitchini kukatsuka miphika. Ndiye m'mutu mwanga munakhazikika kuti kudula ndi ntchito ya mwamuna wa pakhomo, ndipo mwamuna aliyense amabadwa akuidziwa. Mugwire mawu amenewo.

Madalitso, zimenezo wadula zazing'ono kwambiri, zipserera. Pakati basi, kawiri.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Nkaneng, mu mkhukhu, nyumba ya malata okhaokha, yotentha masana ngati chiwaya. Magetsi kunalibe, madzi kukatunga ndi zigubu. Tebulo lathu linali chigudumu chathabwa chokulungirapo waya chimene agogo anu anagubuduza kuchokera kumene amataya zinthu za ku mgodi. Ndikachiyalira nsalu chinkaoneka ngati cha anthu.

Esnati anakula, n'kuyamba kugulitsa m'sitolo ina ya nsalu ku Zinniaville. Kuseri kwa sitoloyo kunali telala wina wachinyamata wa ku Mangochi, dzina lake Yusufu. Inde, bambo anu omwewa, nthawi imeneyo mimba iyi analibe. Mwana wanga anayamba kubwera kunyumba ndi madiresi osokedwa bwino modabwitsa, ine n'kudziwa kuti apa pali nkhani. Vuto linali lakuti ife ndife Akhristu, iwo Asilamu, ndipo bambo anu kuno anali m'manja mwa amalume awo, Che Ajasi. Mawu a Che Ajasi ndiwo anali omaliza. Iwo anali atamuonera kale mtsikana wina kwawo ku Mangochi, ndipo za Esnati sankafuna n'kumva komwe. Bambo anu anawachonderera miyezi ingapo, mpaka anavomera kubwera kudzangoona pakhomo. Kudzaona basi.

Tinali ndi mnansi, Abiti Saidi, mayi wa ku Mangochi komweko wogulitsa mandasi. Ndinapita kukamufunsa nzeru.

"Amake Esnati," anatero, "musamvere zimene azilankhula, muyang'ane manja awo. Akasamba m'manja n'kudya, khomo latseguka. Akakana madzi, nkhani yafera pomwepo, ngakhale aseke nanu mpaka dzuwa kulowa."

"Nanga ndiwaphikire chiyani?"

"Chilichonse, bola nyama ikhale yochinjidwa ndi Msilamu. Ndipo mphika wake usakhale umene munaphikiramo nkhumba."

Apo panali vuto, chifukwa agogo anu nkhumba ankaikonda ngati m'bale wawo, ndipo m'nyumba mwathu munalibe mphika wosalakwa. Abiti Saidi anaseka, n'kundibwereka mphika wake wachitsulo wa miyendo itatu, wakuda bii, wolemera ngati mwala.

Agogo anu ankafuna nkhuku. "Mlendo amapheredwa nkhuku, amake Esnati. Ndi mwambo."

"Aiphe ndani? Inu, mkulu wa mpingo? Sangaidye. Ndiponso nkhuku za ku Nkaneng kuno mukuziona zimene zimatola."

"Nanga zachizungu zakozo uziphikira pati? Uvuni uli kuti?"

"Chigumu kumudzi tinkaphikira mu uvuni wa ndani?"

Anangoti, "Hayikhona," n'kutuluka. Chimenecho ndi chilankhulo cha ku mgodi, chinkawatulukira akasowa choyankha.

Loweruka ndinakwera takisi mpaka ku Zinniaville, kubutchala ya Asilamu. Ndinaloza ndekha nyama imene ndinkaifuna, ya pamsana, ya mafuta pang'ono pamwamba. Pepala limene anaikulungira linali ndi chidindo chobiriwira. Ine sukulu sindinapondeko, koma chidindo ndimachidziwa kuti ndi mboni. Ndinalipukuta bwinobwino pepalalo n'kulipinda n'kulisunga.

Lamlungu ndinajomba kutchalitchi, Mulungu anamvetsa. Ndinakoleza mbaula panja, mphepo ya fumbi ija ikuwomba kuchokera ku milu ya ku mgodi. Ndinatchinga ndi lata. Nyama ndinaiwaula mumphika wa Abiti Saidi, n'kuyala anyezi pansi kuti isakhudze chitsulo, n'kuvundikira. Makala pang'ono pansi, makala ambiri pa chivundikiro, monga timachitira ndi chigumu. Wotchi ndinalibe. Ndinkangovundukula n'kuikanikiza ndi chala. Ikamalowa ngati tsaya, sinapse. Ikayamba kukankha chala ngati mnofu wa pa chikhatho, yafika. Mbatatesi zinalowa pambuyo pake, n'kutuluka zofiirira, zolira ukazigogoda ndi supuni. Fungo linafika mpaka kumpopi. Amayi a Chitswana oyandikana nafe ankangodutsadutsa ngati ataya kanthu pakhomo panga.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Che Ajasi anali munthu wamfupi, wa ndevu zoyera zometedwa bwino, mkanjo woyera, nsapato zonyezimira. Mpaka lero sindidziwa kuti anadutsa bwanji fumbi la ku Nkaneng osadetsedwa. Bambo anu anali pambuyo, thukuta kamukamu. Chimene ankatiuza cha amalume awo chinali chakuti amagwira ntchito ku hotela ina m'tauni. Ine ndinkayesa ndi alonda.

Tinalonjerana, kufunsana za kumudzi, za mvula, za msewu. Agogo anu ndi Che Ajasi anapezana kuti onse anakwerapo sitima imodzimodzi kalekale, n'kusekerana pang'ono. Ndinati zikuyenda. Ndinabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, n'kugwada patsogolo pawo.

"Zikomo, mayi," anatero Che Ajasi mofatsa. "Ife tadya kale kunyumba."

Manja awo ali pa mawondo, phee.

Ndinatulutsa pepala lija n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Nyama ndi ya ku Zinniaville, bambo. Mphika ndi wa Abiti Saidi."

Analiyang'ana, n'kugwedeza mutu. "Mwavutika, mayi. Mulungu akudalitseni. Koma takhuta."

Kuseri kwa nsalu yotchinga chipinda ndinamva Esnati akukoka mamina. Bambo anu maso ali pa nsapato zawo. Ine ndinadzuka ndi beseni langa n'kutuluka. Ndili panja ndinaganiza kuti nyama yapsa kale, siingabwerere kubutchala. Akana, akane akuiona. Ndinaiika pa thireyi, mbatatesi kuzungulira, n'kukaikhazika pakati pa tebulo. Kenako ndinatenga mpeni n'kuwapatsa agogo anu.

"Dulani, bambo a Esnati," ndinanong'ona.

"Mina?"

"Inu. Nyama iyi amadula ndi mwamuna wa pakhomo."

Tsono ana inu, agogo anu moyo wawo wonse ntchito yawo inali yoboola thanthwe ndi mashini pansi pa nthaka. Nyama yophika anali asanaidulepo chibadwire, inkawapeza ili kale m'mbale. Koma pamaso pa alendo sakanakana. Anaimirira, n'kupinda malaya, n'kugwira mpeni ngati chikwanje. Ndi dzanja lamanzere anaipanikiza nyama ija ngati ingathawe. Anaing'amba m'litali mwake, chibenthu chonga njerwa n'kugwera pambali, msuzi n'kuyenderera pa nsalu yanga. Chibenthucho anayamba kuchitema nthulinthuli, ngati za mumphika wa pa maliro. Ndiye anaona m'kati muli mofiirira.

"Hayikhona, amake Esnati, lo nyama ndi yaiwisi. Pepani alendo, mayiwa anafulumira. Tenga, ukaithire madzi iwire."

Ndinkafuna kuwauza kuti imakhala choncho, koma mkazi sutsutsa mwamuna alendo ali pomwepo. Agogo anu anakwezanso mpeni.

Apo n'kuti Che Ajasi akusuntha pa mpando ngati pali nyerere. Poyamba anatsokomola. Kenako zala zawo zinayamba kugwedera pa bondo. Mpeni utatsika kachitatu anatseka maso ngati wadula iwo.

"Bambo," anatero, "taimani kaye."

Agogo anu anaima, mpeni uli m'mwamba.

"Ng'ombe iyi inafa kamodzi. Musaiphe kachiwiri." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, madzi aja."

Ndinathamanga ngati mtsikana. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kupukuta, n'kutambasula dzanja kwa agogo anu. Agogo anu anapereka mpeni ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Che Ajasi anauyesa ndi chala, n'kupukusa mutu, n'kupempha kapu yadothi. Anaitembenuza n'kunolera mpeni kunsi kwake, uku ndi uku. Ndiye anaizunguza nyama ija, kuiyang'anitsitsa.

"Nyama ili ndi mitsempha yake, bambo, ngati mzimbe. Mukaitsatira m'litali, mutafuna mpaka mawa. Mumadula mopingasa. Chonchi."

Ana inu, ndinaona bwana wa adona akudula zaka zonse zija, koma sanafikepo pamenepo. Mpeni unkangotsetsereka, nyama n'kumagona yokha, yopyapyala, ina pamwamba pa inzake, ngati nsalu zopindidwa m'sitolo.

"Koma kufiirako," anatero agogo anu, "si magazi amenewo? Inu Asilamu magazi simudya."

"Magazi anatuluka tsiku lochinja. Uwu ndi msuzi wake. Ine ndakalambira m'khitchini ya hotela, bambo, nyama iyi ndaiwotcha kuyambira ndevu zili zakuda. Anyamata amene ndimawaphunzitsa, ali ndi uvuni wa magetsi ndi wotchi pakhoma, amaiumitsa ngati chikopa." Anandiyang'ana. "Uvuni wanu uli kuti, mayi?"

Ndinaloza panja. Anapita pakhomo, mpeni uli m'manja, n'kuona mphika wa miyendo itatu uli pa mbaula, phulusa lili pa chivundikiro.

"Makala pamwamba?"

"Ngati chigumu, bambo."

"Nanga nthawi munkaidziwa bwanji?"

Ndinawaonetsa chala changa. Anabwerera ku tebulo n'kupitiriza kudula. Tsono wophika aliyense ali ndi chizolowezi chimodzi, ngakhale ine mumandiona. Ukafika kumapeto, kachidutswa kakunsonga kaja, kopserera pang'ono, dzanja limakatola lokha kuti ulawe mchere. Che Ajasi anakatola, n'kunong'ona Bisimila mosaganiza, n'kuponya m'kamwa.

Bambo anu anadzutsa mutu koyamba. Nsalu ya kuchipinda inagwedera.

"Mchere wakwana," anatero Che Ajasi, akutafuna. "Adyo munamulowetsa m'kati, eti? Nanga mbatatesizi munayamba mwaziwiritsa?" Anatola imodzi, n'kuiluma, ikulira khrrr. Ali pakati potafuna anaona kuti tonse tikuwayang'ana. Anayang'ana dzanja lawo, mafuta ali ku zala.

"Ndadya, eti?"

"Mwadya, achimwene," anatero agogo anu. "Tonse taona. Ndipo munati mwakhuta."

Che Ajasi anaseka mpaka kukhala pansi. Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Chabwino. Dzanja likalowa m'mbale silibwerera louma. Mayi, ndipatseni mbale. Iwe Yusufu, samba m'manja, usangokhala ngati chitsa."

Anadya, ana inu. Anawonjezera kawiri. Anandiphunzitsa kuthira madzi pang'ono mumphika muja n'kukokota zotsalira pansi kuti zikhale msuzi, ndipo tinakangana pang'ono za anyezi, iwo akuti ndinachulutsa, ine ndikuti ayi. Agogo anu zofiira zija anazikana ndithu, anadya nthuli zawo zomwe anatema okha, atazibweza pamoto mpaka kuuma gwa.

Mbale zitachoka, Che Ajasi anatsuka m'kamwa n'kunena kuti, "Musandimve molakwa. Ine sindinavomere kanthu, ndangodya." Anayang'ana ku nsalu ija. "Mtsikanayo ali kuti? Akulira kuseriko kuyambira tafika. Abwere timuone."

Esnati anatuluka maso ali psuu, n'kugwada patali. Anamufunsa mafunso awiri atatu, za ntchito, za makhalidwe. Kenako anatembenukira kwa agogo anu. "Amalume ake a mwanayu ali kuti?"

"Ali kumudzi, ku Ntcheu."

"Mutipatse njira yowapezera. Nkhani izi sitikamba ndi bambo."

Apo ndinadziwa kuti khomo latseguka. Musaganize kuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Za mzikiti ndi tchalitchi tinakhalirana pansi kangapo, ndipo ena kumudzi, mbali zonse ziwiri, anatupa masaya chaka chathunthu. Koma aliyense amene ankabwera kudzakangana ankapeza Che Ajasi ali mbali yathu.

Amina, dzuka uone ngati madzi a mbatatesi awira. Uthire mchere, osati wa dzanja lako lolemeralo.

Mukufuna kudziwa za anthu aja? Adona anasamukira kunyanja ya kum'mwera amuna awo atapuma ntchito, anandisiyira thireyi ija mukuiona pamwamba pa kabatiyo. Abiti Saidi anabwerera ku Mangochi, ali ndi golosale yake, ndipo mwana wake akabwera kuno amandibweretsera usipa. Mtsikana amene anamuonera bambo anu uja anakwatiwa ndi mphunzitsi, ndimamva kuti ali bwino, ndiye palibe amene analira mpaka kalekale. Bambo anu ndi amayi anu mukuwadziwa, ndi awa amakukalipirani za homuweki.

Che Ajasi ndi agogo anu anasanduka chala ndi mkanda. Lamlungu lililonse lomaliza mwezi ankabwera ndi mpeni wawo wokulunga m'kansalu, ndipo agogo anu ankawalandira pakhomo n'kunena kuti, "Wafika mlendo wa kalumo kakuthwa." Chifuwa cha ku mgodi chitawagwira agogo anu, Che Ajasi ndi amene ankakwera takisi ndi msuzi wa mafupa m'botolo, kudzawamwetsa ndi supuni. Pa maliro a agogo anuwo, Che Ajasi anakana kukhala pa mpando wa akuluakulu, anavula mkanjo n'kukaima ku miphika tsiku lonse. Patapita zaka ziwiri nawonso anapita kwawo, ndipo anagona komweko, pakati pa abale awo.

Koma agogo anu, mpaka masiku awo omaliza, nkhani iyi ankaikamba mwa mtundu wina. Ankauza aliyense kuti anadziwa kale kuti mlendoyo ndi khukhi, ndipo nyama ija anaitema dala kuti amukole. Tsiku lina ali chigonere, mawu atayamba kuchepa, ndinawafunsa tili awiri.

"Bambo a Esnati, tanenani zoona. Munachita dala?"

Anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Amake Esnati," anatero, "nyama ija inali yaiwisi."